Mafunso ndi Mayankho: Nyongolotsi za Ziweto m'Mbali mwa Likangala

Muulutsi: Makalata ambiri sabata ino achokera ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Yoyamba ndi ya bambo wina woweta ng'ombe kumunsi, kufupi ndi sikimu ya mpunga. Akuti: "Tinapha ng'ombe pa ukwati, koma chiwindi chinali cholimba, chamitsempha yoyera, ndipo mkati munatuluka tizilombo tophwatalala ngati timasamba. Mankhwala a njoka za m'mimba ndimagula chaka ndi chaka. Ndalama zanga zikulowa kuti?" A dokotala, mwawamva bambowa.

Katswiri: Ndawamva, ndipo pepani bambo, chifukwa chiwindi chotere n'chotaya basi. Zimene munaonazo ndi nyongolotsi za m'chiwindi, zomwe akatswiri amazitcha Fasciola gigantica. Mazira ake amatuluka ndi ndowe. Ndowe ikagwera m'madzi mazira amaswa, tiana timalowa mu nkhono, timachulukana m'menemo, kenaka timatuluka n'kukakamira pa udzu wa m'dambo. Ng'ombe ikadya udzuwo, tizilombo timaboola matumbo n'kukafika kuchiwindi, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi timakhala takhwima, tayamba kuikira mazira.

Tsono taonani kumene mukukhala. Likangala amatsika kuphiri la Zomba akuthamanga, amadutsa m'tauni, koma akafika kuchigwa amayenda mwaulesi mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya komanso yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Ngalande za mpunga, zithaphwi, madambo osauma: nkhono zimakonda malo otere. M'chilimwe, msipu ukauma kumtunda, ng'ombe zonse zimaunjikana komweko.

Za mankhwala, mverani bwino. Si mankhwala onse a nyongolotsi amene amafika pa za m'chiwindi. Ivermectin payekha sazipha. Albendazole amapha zokhwima zokha, tiana timatsala. Triclabendazole ndiye amapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Musanagulenso, itanani alangizi a ziweto aone ng'ombezo, makamaka zoonda ndi zotupa pansi pa chibwano, ndipo akuyezereni mlingo molingana ndi kulemera kwa chiweto. Kumwetsa mankhwala operewera n'kumene kumachititsa kuti nyongolotsi ziyambe kupima mankhwala.

Muulutsi: Mayi wina wa ku Chilwa akufunsa mwachidule: "Ana anga amamwa mankhwala a likodzo kusukulu, koma likubwererabe. Ena akuti ng'ombe nazo zimadwala likodzo. N'zoona?"

Katswiri: N'zoona, mayi, ndipo funso lanu ndi limene likuwasowetsa tulo akatswiri masiku ano. Kale tinkaphunzitsa kuti likodzo la munthu ndi la munthu, la ng'ombe ndi la ng'ombe. Kuyambira mu 2021, ofufuza a Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre pamodzi ndi anzawo a Liverpool School of Tropical Medicine anachita kafukufuku wotchedwa HUGS ku Mangochi ndi ku Nsanje, ndi ndalama za bungwe la Wellcome. Anayeza ana, anayeza ndowe za ng'ombe, anatola nkhono, ndipo ng'ombe zina anaziveka timakina ta GPS kuti aone kumene zimakamwa madzi. Anapeza kuti nyongolotsi ya ng'ombe yotchedwa Schistosoma mattheei ikukwatirana ndi ya anthu, Schistosoma haematobium, n'kubereka mtundu wosakanizika.

Izi sizikutanthauza kuti ng'ombe ndizo zikudwalitsa ana anu. Chachikulu chimene chimabwezeretsa likodzo ndi kusamba, kuchapa ndi kusewera m'madzi okhala ndi nkhono, komanso kukodzera m'madzimo. Ana apitirize kumwa mankhwala a likodzo aja, otchedwa praziquantel. Koma ine ndikuti kafukufuku wa ku Mangochi uja akufunikanso kuchigwa cha Chilwa, kumene mwana, msodzi, mlimi wa mpunga ndi ng'ombe amaponda madzi amodzi tsiku ndi tsiku.

Muulutsi: Zikugwirizana ndi kalata yathu yachitatu. Ndi ya mtsikana wophunzira sayansi pa yunivesite ya Malawi ku Zomba konkuno. Akuti akufuna kufufuza za tizilombo ta m'ziweto, koma anzake akumuuza kuti kumeneko kulibe ndalama.

Katswiri: Achemwali, anzanuwo sakunama kwenikweni, koma musawamvere. Ndalama za kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno zambiri zimachokera kunja, ndipo zimatsata matenda a anthu: malungo, Edzi, chifuwa chachikulu. Matendawo ndi oopsadi, sindikutsutsa. Koma nyongolotsi ya m'chiwindi siipha ng'ombe tsiku limodzi ayi. Imangoiondetsa, mkaka n'kuchepa, ng'ombe yokoka ngolo n'kufooka, mtengo wake pamsika n'kutsika. Kutayika kotere palibe amakulengeza pa wailesi, n'chifukwa chake opereka ndalama sakuona. Ngakhale HUGS uja anapeza thandizo chifukwa nkhaniyo inakhudza thanzi la anthu.

Zimandiwawa, chifukwa luso tili nalo. Ku Lilongwe kuli Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, kumene amapanga katemera wa East Coast fever, nthenda yofalitsidwa ndi nkhupakupa, ndipo katemerayo amapita ngakhale kumayiko ena. Kuli Central Veterinary Laboratory. Yunivesite ya LUANAR tsopano ikuphunzitsa madokotala a ziweto kuno kwathu. Mu 2003 atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Maputo kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a bajeti lizipita ku ulimi, koma kuno gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likuthera pa feteleza wotsika mtengo. Ziweto zimangotola nyenyeswa, ndipo madibi ambiri m'midzi anaguga kalekale.

Ndiye mukamapempha thandizo, kaya ku National Commission for Science and Technology kaya kumabungwe akunja, musayambe ndi makina odula. Mafunso amene mlimi wa ku Likangala akufuna ayankhidwe ndi apafupi. Mwa ziwindi za ng'ombe zophedwa ku Zomba, ndi zingati zimene oyeza nyama amataya? Ndi mwezi uti umene nkhono zimachuluka m'ngalande za sikimu, kuti mankhwala azimwetsedwa pa nthawi yake? Mankhwala amene akugulitsidwa m'misika akugwirabe ntchito? Zonsezi zimafuna maikulosikopu, timabotolo, sefa, njinga ndi munthu wopirira wobwerera pamalo omwewo mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa Chilwa amasintha: anaphwa mu 1995, ndipo chaka cha madzi osefukira sichifanana ndi cha chilala. Lembani pempho lanu mogwirizana ndi a zaumoyo ndi a zachilengedwe, muonetse kuti nkhono, ng'ombe ndi mwana wasukulu ndi nkhani imodzi. Zotsatira zake mukazipeza, mukaziwerenge pamaso pa alimi amene anakulolani kulowa m'makola mwawo, m'Chichewa.

Muulutsi: Nthawi yatithera, a dokotala. Kalata za nkhupakupa za mbuzi tiziyankha sabata yamawa.