Matenda a Kuganiza Kwambiri: Phunziro la Amayi a ku Sikelo

Mayi, mwezi ndi mwezi mumabwera ndi mwana wanu ku sikelo. Timamuyeza, timalemba kulemera kwake m'buku lake, timamubaya katemera, ndipo timakufunsani ngati akudya bwino ndiponso ngati akugona m'neti. Koma kaŵirikaŵiri palibe amene amakufunsani inuyo kuti, "Nanga inu mukugona bwanji masiku ano? Mumtima mwanu muli bwanji?" Phunziro lino likuchokera pa funso limenelo. Moyo wa mwana wosakwana zaka zisanu umatsamira pa mayi wake, ndipo mayi amatha kudwala m'maganizo monga momwe amadwalira m'thupi.

Nkhaŵa wamba ndi matenda enieni

Munthu aliyense amada nkhaŵa. Ufa ukatha m'nyumba, mwera ukaomba masiku ambiri asodzi osaloŵa m'nyanja, mwana akatentha thupi usiku, mtima sungakhale m'malo. Nkhaŵa yotere imatha vuto likatha. Amayi ambirinso, pakapita masiku atatu kapena anayi atachira, amangolira popanda chifukwa ndipo sachedwa kupsa mtima. Izi zimadza chifukwa cha kusintha kwa m'thupi ndi kusoŵa tulo, ndipo zimatha zokha pasanathe milungu iŵiri.

Matenda amene tikunena pano ndi ena. Mayi amakhala wokhumudwa tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iŵiri kapena kupitirira. Zimene kale ankakondwera nazo, monga kucheza ndi anzake kudooko, kuimba kwaya, kapena geni yake ya usipa, sizimukomeranso. Tulo sabwera ngakhale mwana atagona, kapena mayi amadzuka tambala asanalire n'kuyamba kusinkhasinkha mpaka kucha. Nsima imamukanika. Thupi limalefuka ngati walima munda wonse pamene sanagwire khasu. Amaiŵalaiŵala, amadziona ngati wopanda pake, ndipo ena amafika poganiza kuti kuli bwino kungofa.

Ambiri sabwera kuchipatala kudzanena kuti akhumudwa. Amanena kuti mutu ukuŵaŵa, mtima ukuthamanga, m'thupi monse mukuphwanya. Amayezedwa malungo, malungo osapezeka, amalandira panado, napita. Mwezi wamaŵa abweranso ndi dandaulo lomwelo. Sikuti akunama ayi. Kuŵaŵako n'koona, koma gwero lake lili m'maganizo, ndipo panado safika kumeneko.

Kodi ndi amayi angati?

Dr. Robert Stewart, dokotala wa matenda a maganizo, pamodzi ndi anzake adafunsa amayi oyembekezera oposa 500 amene ankabwera ku sikelo pa chipatala cha boma cha Mangochi. Zimene adapeza zidasindikizidwa m'chaka cha 2014. Mwa amayi khumi alionse, mmodzi anali ndi matenda a kukhumudwa aakulu ndithu. Kuphatikizapo amene matendaŵa anali ocheperako, anali mmodzi mwa asanu alionse. Tayang'anani mzere umene mwakhalapo lero ndipo muŵerenge nokha. Adapezanso kuti matendaŵa ankachuluka mwa amayi osoŵa woŵathandiza ndi amene ankachitidwa nkhanza ndi amuna awo.

Kuno kunyanja zimenezi sitidabwa nazo. Ku Msaka, ku Chembe ndi m'madooko ena a kwa Nankumba, bambo amachoka madzulo kupita ku chilimira, kubwerako m'maŵa ali wotopa, ndipo usiku wonse mayi amakhala yekha ndi khanda lolira. Usipa ukasamukira kwina, asodzi amautsata, mwezi n'kutha osaoneka pakhomo. Mabanja ambiri a m'boma la Mangochi ali ndi bambo amene adapita ku Joni. Ena amatumiza ndalama mokhulupirika, ena foni imangosiya kulira, mayi osadziŵa ngati akadali pabanja kapena ayi. Ndiye pali mayi amene adatengedwa kuchoka kwawo kumtunda, ali pakati pa achibale a mwamuna, alibe mchemwali woti amunong'oneze. Onjezanipo ngongole ya ku banki m'khonde, kapena kumva ku sikelo koyamba kuti muli ndi kachilombo ka HIV. Mtolo wotere ungathe kuthyola khosi la munthu wolimba mtima ndi wopemphera yemwe. Choncho matendaŵa si ulesi, si kupusa, si chilango, ndipo si umboni wakuti mayi sakonda mwana wake.

Chifukwa chake tikunena izi ku sikelo ya ana

Kafukufuku wina wa Dr. Stewart, wosindikizidwa m'chaka cha 2008, adachitika pa chipatala cha boma cha Thyolo pakati pa amayi amene adabwera ndi ana ku katemera wa chikuku. Ana a amayi ovutika maganizo adapezeka kuti anali aafupi msinkhu poyerekeza ndi anzawo a miyezi yofanana. Zimenezi zimayenda mbali ziŵiri. Mwana wodwaladwala amadwalitsa mayi wake maganizo, ndipo mayi wolefuka amavutika kusamala mwana.

Taganizani za phala. Kudyetsa mwana wa miyezi isanu ndi itatu kumafuna kuleza mtima: kumunyengerera, kumuseketsa, kuyesanso akalavula. Mayi amene mtima wake wafooka amayesa kamodzi, mwana akakana amangosiya. Amayamwitsa mofulumira, maso ali kwina. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, mayi amati ndipita maŵa, maŵa n'kukhala mkuja. Khanda limaphunzira kumwetulira ndi kulankhula poyang'ana nkhope ya mayi wake, ndipo nkhope ikakhala yosayankha, nalonso limangokhala duu. Ife a zaumoyo tiyenera kuvomera kuti nthaŵi zina tidakalipira mayi pagulu chifukwa mzere wa m'buku la mwana watsika, osadziŵa kuti wodwala woyamba ndi mayiyo.

Zimene dokotala wina wa ku Zimbabwe adaphunzira

Dr. Dixon Chibanda ndi dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harare. Iye amafotokoza za mtsikana wina amene ankamuthandiza, wokhala kutali ndi mzindawo. Matenda atakula, adagwirizana ndi apabanja kuti mtsikanayo abwere ku Harare. Milungu idapita osabwera, kenaka mayi wake adaimba foni kunena kuti mwana wawo wadzipha. Dokotala atafunsa chimene sadabwerere, yankho linali lakuti adasoŵa ndalama ya basi, madola 15.

Imfa imeneyi idamusintha dokotalayo. Adaona kuti maphunziro ake onse sangapulumutse munthu amene sangathe kufika pakhomo pa chipatala, ndi kuti madokotala onga iye ndi oŵerengeka kwambiri. Ndiye adayang'ana anthu amene amapezeka m'dera lililonse, amene sasamuka, ndiponso amene anthu amaŵakhulupirira kale: agogo aakazi. Adayamba ndi agogo 14 ku Mbare, dera lina la mu Harare. Adaŵaphunzitsa, naŵaikira mabenchi a matabwa panja pa zipatala zazing'ono. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndiye kuti benchi la ubwenzi. Agogowo ndi amene adamulangiza dokotala kuti asiye mawu a m'mabuku, alankhule mawu amene anthu amagwiritsa ntchito. M'Chishona matendaŵa amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, monga timanenera ifenso.

Pabenchipo sapereka mankhwala kapena ndalama. Wodwala amakumana ndi agogo kasanu ndi kamodzi. Poyamba amangokhuthula zonse zakukhosi, agogo akumvetsera osamudula mawu, osamuŵeruza. Kenaka aŵiriwo amatchula mavuto onse limodzilimodzi. Wodwala mwini wake amasankhapo vuto limodzi lokha, amaganiza njira zingapo zolithetsera, nasankha imodzi imene angayambe mlungu womwewo. Akabweranso amanena mmene zayendera. M'chaka cha 2016 padasindikizidwa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 500 a m'zipatala 24 za mu Harare. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene adakhala pabenchi, 14 pa 100 alionse ndi amene anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa. Mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse, anali 50 pa 100.

Mfundo ya vuto limodzi ndi yofunika kuimvetsa. Munthu woganiza kwambiri amaona mavuto ake onse ataunjikana ngati phiri: njala, ngongole, mwamuna, denga lodontha, fizi ya mwana wamkulu. Poti sangathe kusenza zonse pamodzi, sakhudzako n'chimodzi chomwe, ndipo usiku amangoziŵerenga mobwerezabwereza. Akasankha chimodzi, tinene denga, napempha mlongo wake kuti Loŵeruka adzamwete udzu, denga limafoleredwa, ndipo iye amaona kuti manja ake akadali ndi mphamvu. Vuto lachiŵiri limapepukirako.

Zimene mungachite inu

Uzani munthu mmodzi. Sankhani wosunga chinsinsi: mayi anu aang'ono, mnzanu wa ku mpingo kapena ku mzikiti, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena namwino wa pa sikelo pano. Mukaloŵa kwa namwino musangonena za mutu wokha. Nenani kuti, "Ndikuganiza kwambiri, sindikugona, ndipo papita milungu yakuti." Mawu ameneŵa amamuthandiza kufunsa mafunso oyenera.

Tulo ndi chakudya musazipeputse. Pemphani apongozi kapena mchemwali wanu kuti abereke mwana masana inu mugoneko ola limodzi kapena aŵiri, ndipo musachite nazo manyazi. Idyani ngakhale pakamwa pasakukoma, pakuti mukuyamwitsa. Musadzitsekere m'nyumba. Pitani kumjigo pa nthaŵi imene anzanu ali komweko, ngakhale simukufuna kulankhula. Moŵa ndi chamba zimagonetsa nkhaŵa usiku umodzi, m'maŵa zimaidzutsa itakula. Ngati gwero la zonse ndi kumenyedwa, kupirira sikuchiza. Ankhoswe alipo, ndipo akalephera, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza.

Ngati mnzanu ndiye wabwera kwa inu, khalani naye pansi mumvetsere. Musathamangire kumuuza kuti alimbe mtima kapena kuti ena akuvutika koposa iye. Mawu amenewo wamva kale kwa ambiri, n'chifukwa chake adakhala chete. Zimene wakuuzani zisamveke kudooko.

Zizindikiro zosayembekezera kucha

Mayi akanena zofuna kudzipha kapena kuvulaza mwana, musayese nthabwala kapena kuopseza chabe. Kumufunsa poyera ngati ali ndi maganizo otere sikumupatsa maganizowo, koma kumamupeputsa. Asakhale yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi onse, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Palinso matenda ena oopsa amene amagwira mayi mmodzi kapena aŵiri mwa 1,000 alionse ochira, makamaka m'milungu iŵiri yoyamba. Mayi sagona masiku angapo, amalankhula zosamveka, amamva mawu amene ena sakumva, kapena amakana kuti mwanayo si wake. Pamudzi anthu amathamangira kunena kuti walodzedwa, ena amamumanga zingwe, masiku n'kumapita. Dziŵani kuti kusokonezeka kotere kungathenso kudza ndi malungo aakulu kapena matenda a m'chiberekero atachira, makamaka ngati thupi latentha, ndipo zimenezi zimapha msanga. Pemphero lisakuchedwetseni. Pempherani muli pa ulendo wa ku chipatala cha Monkey Bay kapena cha Mangochi, wina wamkulu atanyamula khandalo.

Ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo atumizidwa ku Zomba. Chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa m'chaka cha 1953, ndipo chimalandira odwala kwambiri amene zipatala za m'maboma zaŵatumiza. Amayi ambiri oganiza kwambiri safika kumeneko. Amathandizidwa ndi uphungu, ena ndi mapiritsi, akugona kunyumba kwawo. Mukapatsidwa mapiritsi, nenani kuti mukuyamwitsa kapena muli ndi pakati, ndipo tchulani mankhwala ena onse amene mukumwa, ma ARV omwe, kuti akusankhireni oyenera. Musaleke kuyamwitsa pokhapokha adokotala atakuuzani. Mapiritsiŵa sagwira ntchito tsiku lomwelo ngati panado. Pamapita milungu iŵiri kufikira inayi kuti muyambe kumva kusintha, ndipo mukapeza bwino mumapitiriza kumwa kwa miyezi ingapo kuti matenda asabwerere. Akakupatsani tsiku lobwereranso, pemphani kuti ligwirizane ndi tsiku la sikelo ya mwana, kuti ulendo ndi ndalama ya kabaza zikhale za kamodzi.