Kapitawo ndi mwana wa m'mudzi mwathu, nanga nkhanzazi zachokera kuti?

Funso: Mayi anga amathyola tiyi pa esiteti ina kuno kwa Khwethemule. Kapitawo wawo anali wothyola mnzawo, koma lero amawadula makilo pasikelo ponena kuti masamba ndi okhwima, ndipo wodandaula samulembanso ntchito mvula ikagwa. Munthu amasintha chonchi bwanji? Wowerenga, Thyolo.

Yankho: Pepani nawo mavutowa. Mpando wa kapitawo ndi wakale kuposa iye mwini. M'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston linavomereza azungu kukhala eni minda ikuluikulu ya ku Thyolo ndi Mulanje. Okhala m'mindamo, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo pogwira thangata. Mzungu sankayenda m'midzi kukatola anthu, ankatuma kapitawo. Nkhanza za thangata ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo dongosololi linathetsedwa mu 1962.

Koma kachitidwe kena kanatsala. Bwana amafuna makilo ambiri pa ndalama zochepa, kapitawo n'kuopa kubwerera kudengu, ndiye amafinya amene sangamubwezere. Sindikumuikira kumbuyo, makilo odulidwawo ndi ufa wa ana a munthu.

Mayi azilemba makilo awo tsiku lililonse, anzawo akuona. Kenako apite pagulu kwa atsogoleri a bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU, kapena ku ofesi ya zantchito kuboma la Thyolo. Zikakanika, kuli khoti la Industrial Relations ku Blantyre.