Kuphika Keke Yaikulu Kuti Ipse Mpaka Pakati

Amayi a ku Malawi amene amaphika makeke a ukwati ku Johannesburg amataya ufa, mazira ndi makasitomala pamene keke yapserera m'mbali koma pakati yatsala yaiwisi. Alangizi ayenera kuwafotokozera chifukwa chake.

Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madzi amawira pa 94°C. Kumalo okwera chotere keke imafufuma msanga, kenaka imagwa pakati pasanalimbe. Choncho pa sipuni iliyonse ya baking powder achotsepo gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo awonjezere mkaka pang'ono.

Kutentha kumalowera m'mbali mwa chitini. Ngati chitini chapitirira masentimita 25 m'mimba mwake, aimike pakati msomali waukhondo wopangira maluwa a keke, wopakidwa mafuta, mutu wake uli pansi. Chitsulocho chimafikitsa kutentha pakati. Kunja kwa chitini amangeko nsalu yonyowa yokutidwa ndi foyilo kuti m'mbali musafulumire kupsa. Zitini ziwiri zosazama ziposa chimodzi chozama, ngakhale ambiri sakonda ntchito yophatikiza.

Asanaphule, abaye pakati ndi kamtengo. Kakatuluka ndi phala, keke ibwerere mu uvuni.