Musafulumire Kusaina, Mayi

Azakhali,
Galimoto imene malemu amuna anga anandisiyira inagubuduzika pamsewu wa Liwonde, koma mwana wanga amene amayendetsa Mulungu anamupulumutsa. A inshulansi ataiona akuti siingakonzekenso, ndipo ndalama zimene akufuna kundipatsa sizingagule ina yofanana nayo. Akuti ndisaine msanga. Nditani?
Mayi wa ku Zomba

Mayi okondedwa,
Pepani ndithu, pakuti galimoto imeneyo inali chikumbutso cha amuna anu, ndipo tiyamike Ambuye kuti mwanayo ali moyo. Koma cholembera chiyambe chakhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwani kuti a inshulansi akanena kuti galimoto yatheratu, kawirikawiri amatanthauza kuti mtengo woikonzera wayandikira kapena wapitirira mtengo umene ikanagulitsidwa tsiku la ngoziyo, ndipo pa mtengo umenewo, umene sungapyole ndalama zolembedwa m'pangano lanu, amachotsaponso gawo limene munavomera kudzisenzera nokha. Apa ndi pamene ambiri alira chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pakuti mitengo ya magalimoto inakwera pamene ndalama za m'mapangano awo zinatsala momwe zinalili.

Chotero pemphani mwaulemu, koma polemba kalata, kuti a inshulansiwo akupatseni lipoti la munthu amene anayesa galimotoyo, ndipo mukhale pansi ndi makaniko wokhulupirika muone ngati analembamo molondola chaka chake, makilomita amene inayenda, matayala atsopano ndi injini imene mwina munaikonzetsa posachedwa, malisiti ali m'manja. Mufunsenso kwa ogulitsa magalimoto ku Blantyre mtengo wa ina yofanana nayo, akulembereni papepala. Ngati a inshulansi sanakufikeni pamtima, mungathe kudzipezera woyesa wina woima payekha, ngakhale mudzamulipira nokha.

Chiphakasa cha galimotoyo chimasanduka cha kampani ikakulipirani zonse. Mukafuna kuchisunga, adzachotsa mtengo wake. Lipoti la apolisi, laisensi ya mwanayo ndi bulu buku zikhale pamodzi, ndipo ngati dzina la malemu lidakali pamapepala, konzaniko msanga.

Akakuumirani mtima, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshulansi. Pepala limene akukufulumizitsanilo limanena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu. Musalisaine musanaone lipotilo ndi maso anu.
Azakhali