Muimba wa ku California ndi Cimfine ca Mbalame

Ana inu, mumacidziwa cideru cimene cimatha nkhuku pamudzi. Iriponso nthenda yina yofanana naco, dzina lace cimfine ca mbalame. Nthendayi imadza ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Abakha ndi atsekwe a kuthengo amatinyamula pouluka kucokera dziko lina kunka dziko lina, ndipo amatisiya m'zitosi zao ndi m'madzi amene asambamo.

Ku America kuli muimba waukuru wochedwa condor, umene ukatambasula mapiko ace amafika pafupifupi mamita 3. Muimbawu umaikira dzira limodzi lokha, motero sucuruka msanga. M'caka ca 1987 inatsala miimba 27 yokha pa dziko lonse lapansi. Anthu anaigwira yonse naisunga m'malo osungiramo nyama ku San Diego ndi ku Los Angeles. Kumeneko inaswana, ndipo kuyambira 1992 anayamba kuibwezera kuthengo.

Koma m'caka ca 2023 cimfine cinagwa pakati pa miimba ya ku Arizona, ndipo inafa 21. Kwa mbalame yosowa cotere, kumeneku kunali kutaya kwakukuru. Pamenepo asing'anga a nyama anayesa katemera pa miimba yosungidwa, asanaitulutse kunka kuthengo.

Osunga mbalame ali nazonso njira zina. Nthenda ikamveka pafupi, amalowetsa mbalame m'nyumba, kapena amafolera makola kuti zitosi za mbalame zouluka zisagweremo. Cakudya ndi madzi amaziika kumene mbalame za kuthengo sizifika. Munthu asanalowe m'khola amaponda m'madzi a mankhwala, pakuti tizirombo timayenda ndi nsapato. Mbalame yacilendo amayamba aisunga payokha kufikira ataona kuti iri bwino.

Nzeru zimenezi ziyeneranso makola athu. Musasakanize nkhuku yogula lero ndi zakale. Mukapeza mbalame yakufa yokha, musaigwire, ndipo musaidye, pakuti nthawi zina nthendayi imagwiranso munthu. Kauzeni akulu, kuti iwo akauze alangizi a ziweto.

MAFUNSO

1. Kodi cimfine ca mbalame cimayenda bwanji?
2. Cifukwa ninji imfa ya miimba 21 inali yodetsa nkhawa?
3. Chulani njira zitatu zochinjirizira mbalame zosungidwa.