Maselo a Mtima Amene Amagunda Okha M'mbale

Achinyamata anzanga, m'phunziro la mwezi uno tiyeni tikambirane za mtima. Ambirife timaganiza kuti ubongo ndi umene umalamula mtima kuti ugunde. Si choncho ayi. Ubongo umangoufulumizitsa kapena kuuchedwetsa, koma kugundako kumayambira m'maselo a mnofu wa mtima womwewo.

Umboni wake unapezeka mu labotale. Mu 1912, dokotala wa ku America, Montrose Burrows, analemba kuti anaona maselo a mtima wa mwanapiye wa m'dzira akugunda m'mbale, atachotsedwa m'thupi. Mu 1960, Isaac Harary ndi Barbara Farley a ku Los Angeles analekanitsa maselo a mtima wa tiana ta makoswe. Poyamba selo lililonse linkagunda palokha, lina mofulumira, lina mwaulesi. Koma atakula n'kukhudzana, onse anayamba kugundira limodzi, ngati ovina amene amva ng'oma imodzi. Kwa ine, apa ndi pamene pali chodabwitsa chenicheni.

Kodi zimatheka bwanji? Michere ya sodiyamu, kashiamu ndi potaziyamu imalowa ndi kutuluka m'selo, ndipo izi zimapanga kamphamvu ka magetsi kamene kamachititsa selolo kufinyika. Maselo akakhudzana amatsegula timipata pakati pawo, ndipo mphamvuyo imadutsa kupita kwa linzake. Selo lothamanga kwambiri ndi limene limatsogolera. M'thupi mwathu ntchitoyi imagwiridwa ndi kagulu ka maselo kumtunda kwa mtima, mbali ya kumanja, kamene kamaugunditsa maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akamapuma.

Mu 2007, Shinya Yamanaka wa ku Japan anasandutsa maselo a khungu la munthu kukhala maselo otha kusanduka mtundu wina uliwonse, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Lero akatswiri amapanga maselo a mtima m'njira imeneyi, n'kuyeserapo mankhwala atsopano kuti aone ngati angasokoneze kagundidwe ka mtima.

Vuto lilipo ndithu. Maselo a mu labotale sakhwima, amafanana ndi a mwana wosabadwa, ndipo amapitiriza kugunda mwa okha. Chonsecho maselo okhwima a zipinda za m'munsi za mtima amadikira kaye kulamulidwa. Mu 2014, gulu la Charles Murry ku Seattle linaika maselo osakhwima otere m'mitima ya anyani imene inavulala. Mnofu watsopano unamera, koma mitimayo inkagunda mosalongosoka kwa kanthawi. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mnofu wa mtima ukafa, thupi limangoikapo chipsera.

Pa msonkhano wa kalabu sabata ino, aliyense aike zala ziwiri pa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu, n'kuwerenga kugunda kwa mphindi imodzi. Kenako thamangani kuzungulira bwalo, muwerengenso, ndipo mukambirane kuti chasintha n'chiyani.