Dzira limakula bwanji?

Amayi apha thadzi. Bwerani, ana, tione m'kati mwake.

Muli mazira ambiri acikasu, opanda zigoba. Ena ndi aang'ono ngati mapira. Ena ndi aakulu.

Mazirawa sakula onse pamodzi. Thupi la nkhuku limatumiza uthenga m'magazi: "Iwe, kula!" Dzira lalikulu limatsika, n'kuvala cigoba. Tsiku limodzi likapita, thadzi limaikira. Likafungatira masiku 21, anapiye amatuluka.

Thupi la munthu nalonso lili ndi uthenga wotere: "Kula!" ndi "Leka!" Malo ena akapanda kumva "Leka!", pamamera cotupa. Zotupa zina ndi khansa, matenda oyenda m'thupi. Amayi akapeza cotupa m'bere, apite kucipatala msanga.

Kodi thadzi limafungatira masiku angati?
Jambulani dzira laling'ono ndi lalikulu.